Amalume akukana kuti tilembetse munda. Kodi ndi kutsalira chabe, kapena pali chimene akuona?

Nachisale_A25

Moni nonse. Ndikupempha nzeru, makamaka kwa inu amene mumatsata malamulo a malo komanso amene munakulira kumudzi.

Kwathu ndi kumadzulo kwa Lilongwe, njira ya ku Mchinji. Agogo athu aakazi anasiya munda wa maekala pafupifupi 10 ndi dimba kumunsi kwa dambo. Amene akulimapo pano ndi mayi anga, ang'ono awo awiri ndi ana awo, komanso achimwene anga amene anatenga mkazi wa chitengwa n'kukhazikika pakhomo pomwepo. Ine ndili m'tauni, koma ndime yanga ilipo, amandilimira ndi aganyu.

Achimwenewo akufuna kuti tigawane malowa, aliyense alembetse gawo lake n'kukhala ndi chiphaso chakechake. Akuti akakhala ndi pepala adzatenga ngongole yogulira pampu ya sola, azilima tomato ndi anyezi chaka chonse. Kunena zoona ndi munthu wolimbikira, sakumwa, ndipo ana ake onse ali pasukulu. Koma amalume, amene ndiwo mwinimbumba, akanitsitsa kwamtuwagalu. Akuti malowa si a munthu aliyense wa ife, ndi a mbumba, ndipo iwo omwe alibe mphamvu yowagawa ngati nyama ya pa zikhole. Mawu amene amabwereza ndi akuti pali ana amene sanabadwe, ndipo iwonso ali ndi gawo.

Ine ndili pakati. Kuntchito ndikamafotokoza, anzanga amaseka, amati amenewo ndi maganizo a makedzana, dziko linapita patsogolo, lamulo linasintha kale. Koma amalume si munthu wosazindikira. Anagwirapo ntchito mu ADMARC zaka zambiri, wailesi sachoka nayo, ndipo nkhani za ku Nyumba ya Malamulo amazidziwa kuposa ine.

Ndiye funso langa ndi lakuti: anthu amene amakana kusintha zinthu zoterezi ali ndi mfundo yeniyeni, kapena amangoopa kutaya ulamuliro? Ndipo lamulo lenilenilo likuti chiyani?

Mphunzitsi_Wopuma

Mayi Nachisale, funso lanu landikhudza chifukwa dera mukunenalo ndaphunzitsako nthawi yaitali, ndipo nkhani ya mapepala a minda si yachilendo kumeneko. Mwina amalume anuwo akukumbukira ndunda, kalembera wakale wa malo a mabanja. Afunseni.

Mu 1967 boma la Kamuzu linakhazikitsa malamulo atsopano a malo, ndipo chaka chotsatira inayamba ntchito yaikulu ya chitukuko cha ulimi m'boma la Lilongwe ndi ndalama za World Bank. Kunabwera misewu, migula ya madzi, ngongole za feteleza, komanso asaveya oyeza minda. Malo a banja lonse ankalembedwa ngati ndunda imodzi, ndipo papepalapo pankalembedwa dzina la munthu mmodzi woimira banjalo. Cholinga chinali chabwino ndithu. Koma taganizani zimene zinachitika woimira banja uja atamwalira. Ana ake, amene mwa mwambo wathu kwawo ndi kwa mayi awo, anapeza pepala m'sutikesi lili ndi dzina la bambo awo. Kuyambira pamenepo milandu. Ndinaonapo ndi maso anga gogo wina atakhala pansi pa mtengo wa mango pabwalo, akulozera chulu chimene amayi ake anakwiriridwa pafupi nacho, pamene mnyamata wovala jekete akungogwedeza envulopu ya khaki osayankha kanthu. Anthu onse pabwalopo ankadziwa mwini mundawo. Envulopuyo ndiyo inali kunena zina.

Chachiwiri chimene akuluakulu amakumbukira ndi maesiteti. Nthawi ya Kamuzu fodya wa bale sankaloledwa kwa mlimi wamba, mpaka cha m'ma 1990. Kuti ulime bale unkayenera kukhala ndi lizi, pepala lobwerekera malo ku boma. Ndiye malo ambiri a m'midzi ku Kasungu, Mchinji ndi Dowa anatembenuzidwa kukhala malizi, ndipo amene ankadziwa khomo la ofesi ndiwo anapindula. Ukabwerera m'mbuyo kwambiri ufika ku Thyolo ndi Mulanje, kumene azungu anapatsidwa ziphaso za malo ndi Harry Johnston m'zaka za m'ma 1890, eni nthaka n'kusanduka anthu a thangata pa dothi la makolo awo. Zidzukulu zawo zina ndi zimene zinasamutsidwira ku Machinga ndi Mangochi pa ntchito ya boma yopezera minda anthu osowa malo ija, ya Kudzigulira Malo. Choncho munthu wachikulire akamva zoti kwabwera pepala latsopano la malo, sikuti akuopa chinthu chosadziwika. Katatu konse pepala linabwera, ndipo wosauka sanatuluke wopambana.

Tsopano ndinene maganizo anga, poti mwafunsa ngati pali mfundo. Ine ndili mbali ya amalume anu, ndipo sindichita nazo manyazi.

Dongosolo la mbumba limagwira ntchito imene boma lathu silinaigwirepo ndipo silingaikwanitse posachedwapa. Mtsikana banja likatha amabwerera kwawo, amapeza polima. Mnyamata akathamangitsidwa ku Joni amafika ndi kachikwama kamodzi, amalozeredwa tsala. Munthu ntchito ikatha m'tauni, penshoni palibe, amapita kumudzi ndipo sagona ndi njala chaka chachiwiri. Palibe fomu, palibe nambala, palibe komiti ya ku Capital Hill. Zimenezi sizinapangidwe ndi munthu mmodzi wanzeru atakhala pa desiki. Zinaumbika pang'onopang'ono, m'njala ndi m'miliri, mibadwo ikuyesa n'kusiya zimene sizinathandize. Chinthu chotere ukafuna kuchigwetsa, udindo wosonyeza kuti chatsopanocho n'chabwino uli pa iwe wogwetsawe. Sikuti gogo ndiye azidzitchinjiriza pamaso pa anyamata a mapulojekiti.

Mukagawa maekala 10 aja lero, aliyense wa inu apeza kachidutswa. Achimwene anu ndi olimbikira, ndakhulupirira. Nanga mwana wa mayi anu aang'ono uja amene amakonda kachasu, kapena amene mkazi wake adzadwale n'kufunika ndalama zamwadzidzidzi? Gawo lake lidzapita kwa wa katapila kapena kwa bwana wina wa m'tauni, ndipo lidzapita mpaka kalekale. Pakati pa munda wanu padzamera mpanda wa waya. Lero munthu ameneyo sangagulitse chifukwa amalume ndi azilongo ake amuletsa. Kuletsa kumeneko achinyamata amakutcha kuponderezana, koma n'kumene kwasunga malowo mpaka inu mwawapeza.

Za lamulo: malamulo atsopano a malo anadutsa mu 2016, ndipo lokhudza malo a m'midzi linayamba kugwira ntchito mu 2018. Linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense, wapampando n'kukhala gulupuyo, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi. Milandu imayambira pabwalo la kwa T/A, kenako la paboma, kenako bodi yaikulu. Mafumu ambiri anadandaula poyera nthawi imeneyo kuti sanafunsidwe mokwanira. Mu 2022 aphungu anawakonzanso malamulowo. Onani, zaka 6 zokha lamulo lasinthidwa kale, pamene dongosolo limene likufuna kulowedwa m'malo lakhala zaka mazana. Ine pamenepo ndiye ndimati tiyeni tiziyenda pang'onopang'ono.

MayiWaKuHewe

Aphunzitsi, mwalemba bwino ndipo ulemu wanu ndaupereka, koma mwalemba ngati bambo, komanso ngati munthu wa ku Chigawo cha Pakati. Bwerani kuno kumpoto mudzaone mbali inayo.

Ine ndinakwatiwa mwa malowolo. Ndinalima munda wa kwa amuna anga mpaka ana anakula. Mitengo ya malalanje imene ili pamenepo ndinabzala ndi manja angawa. Bambo atamwalira, sadaka isanachitike n'komwe, alamu anga anayamba kulankhula za malire. Sanandithamangitse ndi chikwanje ayi. Anangoyamba kulima mizere iwiri chaka chino, isanu chaka chamawa, ndipo nditakadandaula kwa amfumu anandiuza kuti nkhani ya pabanja ikakambidwe pabanja. Pabanja pake pati, poti oweruza ndi omwewo akulima mizere yanga? Kwathu kumene ndinabadwa nako ankati gawo langa linatha tsiku limene ng'ombe zinalowa m'khola. Ndiye mwambo umene mukuti susiya munthu wopanda polima uja, ine unandisiya.

Chimene chinandithandiza ndi lamulo lolembedwa lomwelo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Mwana wanga wamkulu atangotchula zimenezo pamaso pa akuluakulu, mizere ija inasiya kuyenda. Pakanakhala chiphaso chokhala ndi dzina langa pambali pa la malemu, sindikanagona ndi mutu waukulu zaka zonse zija. Kuno ku Rumphi ndi limodzi mwa maboma amene anayeserako kalembera wa malo, pamodzi ndi Kasungu ndi Phalombe, ndipo amayi amene ndimapemphera nawo sanaone ngati ndi tsoka.

Chinanso, mafumu a lero si a m'nthawi ya agogo anu. Pitani m'midzi yozungulira Lilongwe, Mzuzu kapena m'mbali mwa nyanja mukamve. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri, dambo lodyetsera ng'ombe kugulitsidwa, ena mpaka m'mphepete mwa manda. Wogulitsa ndani? Si mnyamata wa kachasu amene mukumuopayo. Ndi amene anapatsidwa udindo wosunga.

Ndipo poti mwakumbutsa mbiri, tikumbutsenso yonse. Makhoti a mafumu a nthawi ya Kamuzu ndi amene anagamula Orton ndi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983, popanda loya wowaimira. Nawonso ankati akutsata chikhalidwe chathu.

Mayi Nachisale, inu muli ndi mwayi chifukwa kwanu malo amayenda mwa akazi. Koma musaganize kuti aliyense woteteza mwambo akuteteza inu.

Chimwene_Joburg

Ine ndimadziona ngati munthu wosakonda kusinthasintha zinthu, tchalitchi sindijomba, ndipo boma lolowerera paliponse sindilifuna. Koma pa nkhani iyi ndasiyana ndi aphunzitsi, ndipo ndasiyana nawo pa chifukwa chomwecho chosakhulupirira boma.

Munthu amene alibe umboni wa malo ake ndi kapolo wa aliyense wamphamvu. Lero ndi amfumu, mawa ndi phungu, mkuja ndi kampani yobwera ndi kalata yochokera ku likulu. Ukakhala ndi chiphaso uli ndi poyambira kukana. Malamulo oyendetsera dziko lino, gawo 28, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi katundu ndipo asalandidwe mwachisawawa. Ufulu umenewo ungauteteze bwanji kukhoti ngati malire ako ndi chitsa cha mtengo chimene chinaola kale?

Chinanso ndi chiwerengero. Pa kalembera wa 1966 tinalipo anthu pafupifupi 4 miliyoni. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Dziko ndi lomwe lija. Tsala limene aphunzitsi akuti wobwerera ku Joni amalozeredwa, kwathu ku Chiradzulu kulibe. Ine nditabwerera ndikapeza mayi anga ndi theka la ekala, basi. N'chifukwa chake ndili kuno ndikuwotcherera zitseko za anthu. Dongosolo la makolo linkayenda bwino nthawi imene kuseri kwa mudzi kunali nkhalango. Nkhalangoyo inatha.

Ndiye munthu ngati achimwene a Nachisale, amene akufuna kuika pampu ndi mapaipi pa dimba, mukumuuza kuti athire ndalama zake pamalo amene tsiku lina ana a alongo ake adzati si ake. Ndani angachite zimenezo? Tonse tikudziwa akamwini amene sabzala ngakhale mtengo umodzi wa mango pakhomo chifukwa akudziwa kuti mkazi akadzamwalira adzanyamula mphasa yokha. Ulesi wina umene timaunena m'midzimu si ulesi, ndi kuwerengera.

Mphunzitsi_Wopuma

Amayi a ku Hewe, pepani kwambiri ndi zimene munakumana nazo. Nkhani yanu sindingaitsutse, ndipo lamulo la 2011 lija ndimaliyamikira. Koma taonani chimene linachita. Silinathetse banja, silinagawe munda, silinachotse mfumu. Pa nkhani ngati yanuyi linangoloza khalidwe loipa n'kuti ili ndi mlandu. Kukonza kotere ndi kumene ine ndimakufuna: pamene padontha mpomwe uikepo udzu, osati kusasula denga lonse mvula ili pamutu. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana ambirimbiri pogwiritsa ntchito mphamvu ya ufumu yomweyo, mpaka kuimitsa nyakwawa zimene zinkalekerera. Mwambo umatha kudzikonza ukapeza munthu wolimba mtima.

Za mafumu ogulitsa malo, zoona zokhazokha. Koma tifunse kuti anafika bwanji pamenepo. Kale mfumu inkaopa anthu ake, chifukwa amayi aakulu a m'banja lachifumu ndiwo ankailonga ndipo ankatha kuidzudzula. Lamulo la mafumu la 1967 linaika m'manja mwa mtsogoleri wa dziko mphamvu yovomereza, kukweza ndi kuchotsa mafumu akuluakulu. Onjezani mswahala. Onjezani kukwezedwa kwa mafumu kumene kumachuluka chisankho chikayandikira, chipani chilichonse chimene chalamulapo. Mfumu yotere maso ake ali ku Lilongwe, osati pabwalo. Makhoti aja anazenga a Chirwa nawonso anali chida cha boma chovekedwa chikopa cha mwambo. Ndiye matenda anabwera ndi andale, ndipo mankhwala akuti tiwapatsenso andale omwewo ndi makalaliki awo kaundula yense wa minda ya m'dziko muno. M'mizinda momwe muli mapepala kale, nkhani za mafayilo osowa ndi mapuloti a eni awiri sizichoka m'nyuzipepala.

Pali chinanso chimene achinyamata ambiri sadziwa. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali ndi nyumba yachiwiri, Senate, momwe mukanakhala mafumu ochokera m'boma lililonse pamodzi ndi oimira magulu ena. Ntchito yake ikanakhala kuunikanso malamulo aphungu asanathamange nawo. Sinakhalepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mu 2001 aphungu anaichotsa. Ikanakhalapo, mwina malamulo a 2016 akanakambidwa mokwanira asanadutse, osati kudzawakonza pambuyo.

Achimwene a ku Joburg, za kuchulukana mwanena zoona, ndipo ku Chiradzulu n'kosiyana ndi ku Mchinji. Ndiye chifukwa chake sindifuna lamulo limodzi lothamangitsa aliyense mofanana kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Koma za ngongole ndikukayika. Pitani ku banki iliyonse ndi chiphaso cha maekala awiri a kumudzi kopanda msewu wa tala, muone ngati akupatseni mpando. Banki imafuna chikole chimene ingagulitse msanga, ndipo imafuna pepala la malipiro a pamwezi. Amene adzalandire chiphaso chimenecho ndi manja awiri ndi wa katapila.

Kalaliki_wa_Loya

Ndingowonjezera za lamulo, poti mkanganowu ukuoneka ngati pali njira ziwiri zokha. Lamulo la malo a m'midzi silikakamiza kuti aliyense alembetse payekha. Malo atha kulembedwa m'dzina la munthu mmodzi, la anthu angapo pamodzi, kapena ngati a banja. Choncho mbumba yanu itha kuyezetsa malire akunja a munda wonse, kuti woyandikana nawo kapena wina aliyense asadzalowerere, koma m'kati n'kupitiriza kugawana monga mwa masiku onse.

Chenjezo ndi lomwe aphunzitsi anena pa za ndunda. Musalole dzina limodzi lokha papepala, ngakhale la amalume, ngakhale ndi munthu wabwino chotani. Mayina a amayi anu ndi ang'ono awo akhalepo, ndipo mulembe pambali mgwirizano wa banja wonena kuti wina akamwalira gawo lake likuyenda bwanji, mboni zisaine, amfumu adinde. Za achimwene anu, banja litha kuwalembera kuti dimbalo agwiritse ntchito zaka zakutizakuti popanda wowasokoneza, ndipo pampu ndi mapaipi ndi zawo ndi ana awo. Musanachite chilichonse pitani ku ofesi ya zamalo ya paboma panu mukafunse ngati komiti ya malo ya kwa gulupu wanu inakhazikitsidwa, chifukwa ntchitoyi sinafike paliponse nthawi imodzi. Mukafunsenso ngati munda wanuwo sunalembedwe kale nthawi ya ndunda. Kumadzulo kwa Lilongwe zimenezo n'zotheka kwambiri, ndipo ngati unalembedwa, nkhani yonse iyambira pa dzina limene lili m'kaundulamo.

Nachisale_A25

Zikomo nonse. Ndawaimbira amalume madzulo ano n'kuwafunsa za ndunda. Anayamba aseka, kenako akuti pepala lilipo, linalembedwa m'dzina la amalume awo a iwowo, amene anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo ana a malemuwo ali ku Kasungu. Akuti n'chifukwa chake safuna asaveya ayandikire, akuopa kudzutsa nkhani imene yagona. Achimwene sakudziwa zimenezi, mayi anganso sindikudziwa ngati akudziwa.

A Kalaliki, pamenepa tiyambire kuti? Kodi dzina la munthu womwalira kalekale limasinthidwa bwanji m'kaundula, ndipo ana a ku Kasungu aja tiyenera kuwaitana pa zokambirana za banja kapena tiyambe tafufuza kaye ku ofesi mwakachetechete? Loweruka ndikupita kumudzi, ndipo amalume avomera kunditsegulira sutikesi.